Chaka chimene ndinabzala ndi masamba a m'tauni

Anthu akwathu kuno chaka chimenecho amachikumbukira ndi ng'amba ya mu Januwale. Ine ndimachikumbukira ndi masamba.

Takondwa, mwana wanga woyamba, anali asanakwane zaka ziwiri. Chaka cham'mbuyo mwake chimanga chathu chinathera mu Okutobala, mkaka wanga unaphwa, mwana anatsala mutu ndi maso basi. Kusikelo anamuyeza mkono, anesi n'kupukusa mutu. Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wamantha, mwana akangotsokomola ndimaponya khasu n'kuthamanga. Ndinkadziwa chinthu chimodzi: munda umene anandipatsa amayi kumunsi kwa Mishoni ukapanda kubereka, mwana ameneyu njala yachiwiri saipirira.

Ogasiti

Ku Songani thumba limodzi la feteleza linkafuna mbuzi ziwiri, ife mbuzi tinali nayo imodzi. Mphekesera inali yoti mayina a feteleza wotsika mtengo awadula pakati, ena amati adzatuluka pafoni. Lathu dzina silinatulukepo chikwatirane, ndiye kudulako sikunatikhudze.

Tsiku lina ndinapita ndi mwana kuchipatala m'tauni kuti akamuonenso. Pobwerera ndinati ndikalonjere amayi anga aang'ono, Anti Joyisi, amene amasesa m'misewu, ntchito ya kukhonsolo. Ndinawapeza kumtunda kuja kuli nyumba za mipanda ndi mitengo ikuluikulu. Pageti lililonse panali matumba, odzaza, omanga bwinobwino, pena atatu, pena asanu.

"Anti, anthu awa akusamuka onse?"

"Kusamuka kwa chiyani? Masamba amenewo."

"Masamba? M'matumba?"

Anaimika tsache n'kuseka. "Uchimidzi udzakupha iwe Lidiya. A khonsolo anadutsa ndi chimkuzamawu, akuti nyengo ino yoyoyoka masamba munthu asatenthe, utsi ukutsokomoletsa ana ndiponso moto ukumagwira mipanda. Aliyense asese pakhomo pake, aike pageti, Lachiwiri ndi Lachisanu thirakitala imadzatenga kukataya."

"Kukataya?"

"Nanga akaphike?"

Ndinamasula thumba limodzi n'kupisamo dzanja. Masamba a mbawa, a jakaranda ang'onoang'ono ngati mpunga, a mapeyala, a mango, ouma gwaa, oyera. Mwezi womwewo alangizi anali atationetsa ife amayi a kumpingo kapangidwe ka manyowa a m'dzenje, tonse tinaombera m'manja, koma kufika kunyumba n'kuyang'ana, masamba ake ati? Mitengo kwathu inatha ndi makala, mango akagwetsa tsamba mbuzi yadikirira kale pansi, udzu ukangouma osaka mbewa atentha. Apa anthu akumangirira m'matumba, n'kulipira thirakitala kuti iwachotsere!

Amuna anga, a Daisoni, amanyamula nzimbe za anthu panjinga kukatula kumsika wa m'tauni. Nditawauza anasiya kupopa tayala.

"Amake Tako, ine mudzi uno amandinena kale kuti ndine mkamwini wobwera ndi njinga yokha. Lero ndiyambe kututa zinyalala za mabwana?"

"Njingayo pobwerera imanyamula chiyani?"

"Imanyamula ine."

"Inu ndi mphepo. Mphepoyo tidzabzalira?"

Lachisanu ndinasiya mwana kwa amayi, ndinapinda matumba athu akale, ulendo. A Daisoni atatula nzimbe tinakwera kumtunda kuja. Ndinkakhuthula thumba la eni ake m'thumba lathu, galu akuuwa kuseri kwa geti, maso anga uku ndi uku. Tili pa thumba lachinayi ndinamva thirakitala. M'maganizo ndinaona kale apolisi, ndinaona mwana akulira kwa agogo ake, anthu akuti amake anamangidwa chifukwa cha zinyalala.

Dalaivala, bambo wa ndevu zaimvi amene ndinadzamudziwa kuti ndi a Bwanali, anazimitsa injini.

"Chemwali, mwatibera chiyani?"

"Pepani bambo, ndibweza zonse. Ndimati ndikapange manyowa."

"Mubweza? Ndiye mukufuna mundiwonjezere ntchito?" Anatembenukira kwa anzawo a m'ngolo. "Tsitsani awiri enawo muwapatse, ngolo ipepuke!" Kenako anandilozera thumba lina. "Ilo lisiyeni, ndi bulugamu. Saola ameneyo, ndipo munaonapo chimanga pansi pa bulugamu? Komanso muzisankha. Mabwanawa amabisamo mabotolo osweka ndi matewera a ana."

Ndinaombera m'manja mpaka kugwada pamsewu pomwepo.

Matumba asanu panjinga, kutalika kuposa mwini wake, limodzi pamutu panga. Pa Naisi anyamata a kabaza anayamba.

"Ayise, makalawo bwanji?"

"Si makala," a Daisoni akuyankha nkhope ili pansi.

"Nanga n'chiyani chopepuka chonchi? Mwagula mphepo?"

Pa Songani mayi wina wogulitsa tomato anabaya thumba ndi chala, tsamba n'kutuluka. "Abale inu! Anzanu amapita m'tauni kukatenga shuga!" Msika wonse kuseka. Ine ndinaseka nawo, chifukwa thumba limene linali pamutu panga silinali langongole kapena lakuba, ndipo Lachiwiri kukakhala ena.

Seputembala

Dzenje tinakumba pansi pa mtengo wa mango, lakuya mpaka m'chiuno. Masamba, ndowe za mbuzi, phulusa, dothi pang'ono, madzi. Masamba, ndowe, phulusa, dothi, madzi. Madziwo ndiwo anandithyola khosi, kutsika ku Domasi ndi ndowa, kukwera, kutsika, mwana kumsana. Zitosi za nkhuku ndinkapempha kwa oyandikana nafe, amake Fale.

"Tengani asisi, tengani zonse. Ife tagulitsa mbuzi ziwiri, thumba lili m'nyumba. Inu zidyani fungolo."

Litadzaza ndinakwirira ndi dothi, pakati n'kuzikapo ndodo monga anatiuzira alangizi. Masiku anayi ndinkazula ndodo ija m'mawa uliwonse, yozizira. Tsiku lachisanu ndinazula, yotentha! Yotentha ngati mwaichotsa pamoto, kautsi kakutuluka pabowo. Ndinathamanga nayo kunyumba.

"Bambo a Tako, gwirani! Gwirani!"

"Mukufuna mundimenye nayo?"

"Gwirani kunsongaku!"

Anagwira, anandiyang'ana, anagwiranso. "Muli moto m'menemo?"

"Akupsa! Manyowa akupsa!"

Kuchokera tsiku limenelo sindinafunikenso kuwakumbutsa za Lachiwiri ndi Lachisanu. Okha amadzuka n'kupinda matumba. M'tauni anatizolowera, alonda amationa patali n'kukuwa kuti mayi a masamba afika, mayi wina mpaka ankatisungira ake mkati mwa mpanda kuti thirakitala isatitsogolere. Masamba anachuluka kuposa madzi ndi ndowe zomwe ndikanakwanitsa. Ndiye otsalawo tinkangowaunjika m'mphepete mwa munda, mulu waukulu kuposa khitchini yathu. Ndinkati ndikatembenuza dzenje loyamba ndikumba ena awiri. Ndikaima pambali pa mulu uja ndinkaona munda wonse uli bii.

Okutobala

Mwezi umenewu chigwa chonse chimanunkha utsi. Ndi nthawi yososa, aliyense amakokera mapesi ndi zinyalala pamodzi n'kuyatsa, munda uyere mvula isanabwere. Timakula tikudziwa kuti munda wa munthu wakhama umaoneka ndi kuyera kwake.

Ndinali kumtsinje ndikuchapa. Nditakweza mutu ndinaona utsi woyera, wokhuthala, kumbali ya kwathu. Ndinati ndi kwa amake Fale. Ndinayang'ananso, mtengo wa mango uli kumanja kwa utsi, ndi munda wathu! Ndinasiya zovala pamwala.

Ndinapeza amayi ataima ndi nthambi yaiwisi m'manja, akulondera moto kuti usalumphire kwa eni ake, nkhope yosangalala. Masamba ouma sachedwa. Mulu wonse unali utagwa kale, kwatsala kulilima pakati.

"Amayi! Amayi mwatani!"

"Ndati ndikuthandize mwanawe. Ukutopa wekha ndi madzi. Zinyalala zonsezi mpaka mvula ikupeze nazo? Mungabisale njoka umu, mwana amasewera pompa."

"Si zinyalala amayi, ndi manyowa!"

"Manyowa si ali kudzenje kuja? Awa ndimayesa ndi otsala." Anayang'ana moto, anayang'ana ine. "Phulusa ndi manyowa omwe, Lidiya."

Ndinakhala pansi padothi lotentha. Masabata asanu ndi limodzi a matumba, ulendo wa m'tauni wapansi, kusekedwa pa Naisi, zonse zinakwana mabeseni atatu a phulusa. Sindinawakalipire. Za dzenje ndinawafotokozera, za mulu sindinawauze kanthu, ndinkayesa aliyense akuuona mmene ndikuuonera ine. Iwo anaona mulu wa masamba ouma m'munda mwa mwana wawo mu Okutobala, n'kuchita zomwe mayi aliyense akanachita.

A Daisoni atabwera anangoti, "Apongozi," n'kuvula chipewa ngati afika pamaliro.

Lachisanu tinathamangira m'tauni. Mageti onse mbee. Mitengo yaphukira masamba atsopano ofiirira, jakaranda wachita maluwa, msewu wonse maluwa okhaokha. Anti Joyisi anati, "Thirakitala ya masamba inasiya sabata yatha. Yabwerera ku zinyalala za kumsika. Mpaka chaka chamawa." Ndinasesa maluwa omwewo, theka la thumba, kuti ndisabwerere chimanjamanja.

Novembala

Tinafukula dzenje mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Abale, zimene zinatuluka m'menemo! Tsamba silinkadziwikanso. Dothi lakuda bii, lofewa, lozizira, lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itagwa, nyongolotsi zili piringupiringu. Ndinalifumbata, ndinalinunkhiza, ndinaitana amayi kuti anunkhize. Takondwa anatapa n'kuika m'kamwa.

Koma dzenje linali limodzi. Alangizi anati manja awiri odzaza pa phando lililonse. Ndinayesa ndi maso, ndinayesa ndi beseni, manyowa amathera pachulu chimene chili pakati pa munda. Theka.

"Tingowaza pang'onopang'ono munda wonse," anatero a Daisoni. "Phando lililonse lilaweko."

"Mchere wa mbale imodzi mukauthira mumgolo, alipo amaumva?"

"Ndiye tibzale theka? Munda wonse unatilephera chaka chatha, theka litidyetsa? Anthu adzati chiyani, mkamwini walephera kumaliza munda?"

"Anthuwo adzabwera ndi ufa?"

Kunena zoona ndinkayankha molimba koma ndinkaopa. Ndikalakwitsa, wolakwiridwa ndi mwana. Amayi anali chapatali akusankha mbewu, chiwotchereni mulu uja samalankhulapo za munda. Tsiku limenelo analankhula osakweza mutu.

"Akamwini, amvereni amake mwana. Kuseri kwa chulu ndikupatsani mbewu ya chinangwa ndi mbatata, mubzalenso nandolo. Sipakhala malo ongokhala."

Mvula yobzalira inagwa chakumapeto kwa mwezi. Ndinkayenda ndi beseni patsogolo, manja awiri, manja awiri, a Daisoni akuponya mbewu pambuyo. Beseni lomaliza linathera mapando anayi tisanafike pachulu. Ndinakokota dzenje ndi chikombe mpaka anayiwo anakwana.

Disembala

Chinamera chonse. Ndinkadzuka n'kupita kumunda ndisanasukusule, kukawerenga masamba, atatu, anayi, asanu, obiriwira mpaka kuda. Ndiye kunameranso zina zomwe sindinabzale! Maungu, tomato, tizipapaya, ngakhale kamtengo ka peyala. Njere za m'makhitchini a mabwana zinabwera m'matumba muja. A Daisoni amafuna azule popalira.

"Asiyeni maunguwo, ndi alendo athu ochokera m'tauni."

"Alendo obwera opanda shuga."

M'nyumba chimanga chathu chakale chinatha sabata ya Khirisimasi. Ku Songani chigoba cha chimanga chinkakwera ngati chili ndi miyendo, mtengo wa Lolemba si wa Loweruka. Ndinayamba ganyu wowokera mpunga kumunsi, malipiro ake madeya kapena chigoba chosadzaza. Amake Fale anathira feteleza wawo, chimanga chinalumpha, chinaposa changa ndi chikhato.

"Asisi, masamba aja akuti bwanji?" amandifunsa kudutsa malire.

"Akuti moni."

Januwale

Itangotha sabata yoyamba mvula inadula. Kumwamba kunayera ngati Okutobala. Sabata imodzi, ziwiri, kulowa yachitatu. Chimanga chinali chitafika m'chifuwa, chatsala pang'ono kumasula, nthawi yoipitsitsa. M'chigwa monse masamba anapotana ngati anyezi. Kwa amake Fale masamba a kutsinde anayamba kupsa, anali atangothira feteleza wachiwiri padothi louma.

Changanso masana chimapotana, ine n'kupotana nacho. Koma m'mawa ndikapita ndimapeza chatambasuka. Ndinapisa chala patsinde, pamwamba fumbi, pansi kuzizira. Ndinapita paphando lina, chimodzimodzi. Lina, chimodzimodzi. Manyowa aja anagwira madzi ngati thonje! Ndinayenda mzere wonse chogwada, ndikupisa chala, ndikuseka ndekha, munthu akanandiona akanati njala yamuzunguza mutu.

Mphekesera zinachuluka. Ena amati chimanga chaulere chafika paboma, anthu anakagona pamzere n'kubwerera ndi matumba opinda. Ena amati mvula yamangidwa ndi owumba njerwa. Za ine amati ndinakatenga mankhwala m'tauni, masamba aja kunali kuphimba anthu m'maso. Amake Fale anabwera okha, anakhala pakhonde.

"Asisi, tandiuzani zoona, ine sindiuza munthu. Munakwiriramo chiyani?"

"Zitosi za nkhuku zanu zomwe zija."

"Musandiseke, mtima ukundipweteka."

Ndinawatengera kumunda, ndinagwira chala chawo n'kuchipisa patsinde. Kenako anati, "Thirakitala ija imadutsa masiku ati?"

Ife akuluakulu tinkadya kamodzi, madzulo. Takondwa katatu, kaphala ka madeya, ndikapeza nsinjiro ndimathiramo, masana nkhwani wofinya. Ndinkamuyang'ana akamadya, akamasewera, akamagona masana ndimaika khutu pachifuwa. Ndinkafinya mapazi ake ndi chala kuti ndione ngati atupa.

Febuluwale

Mvula inabwerera ndi mabingu, chimanga changa chinabereka, china ziwiriziwiri, ndevu zili yaviyavi. Koma chimanga cha m'munda si cha m'mimba. Ganyu anasowa, olemba anzawo ganyu nawonso amafuna ganyu. Kusikelo anati mwana sanatsike koma sanakwere, mwezi wachiwiri.

Ndiye kunabwera venda wa njinga yamoto, wogula chimanga chachiwisi chokaotcha m'tauni. Anazungulira chigwa chonse n'kuima pamunda panga.

"Mayi, chonsechi ndigula chili chiimire. Ndalama lero, kuthyola ndidzathyola ndekha chikakhwima."

Ndalama anatchulazo zikanatigulira chimanga cha miyezi iwiri. A Daisoni anandikokera pambali, maso ali psuu ndi njala.

"Amake Tako, mwana adya lero."

"Nanga Juni? Nanga Okutobala?"

"Okutobala tidzamuona tikafika. Mukufuna chimanga chidzakhwime mwana atatupa?"

Mawu amenewo anandibaya chifukwa anali anga omwe, a mumtima. Ndinayang'ana mwana ali kumsana kwa agogo ake, timikono tija. Ndinayang'ana chimanga. Masabata asanu okha, mwina asanu ndi limodzi.

"Tigulitse mbuzi," ndinatero.

"Mbuzi mwezi uno? Atipatsa mtengo wa nkhuku."

"Atipatse. Mbuzi ndi ya mwezi umodzi, munda ndi wa chaka."

Venda anaseka, anati ndidzamufuna. Mbuzi inapita ndi ndowa imodzi ndi theka ya chimanga, a Daisoni sanandilankhule masiku awiri. Ndowayo ndinaigawa ndi kapu, ya mwana payokha, yathu payokha. Itafika pakati, alendo a m'tauni aja anatikumbuka. Maungu anakhwima, akuluakulu, ofiira mkati, a mtundu umene kwathu kulibe. M'mawa dzungu, masana dzungu, Takondwa masaya onse chikasu. Awiri ndinapititsa kwa amake Fale.

Malichi

Mondokwa woyamba ndinathyola ndekha, ndinasenda pomwepo, mizere yodzaza mpaka kunsonga, ndinabaya ndi chikhadabo mkaka n'kundithovokera m'diso. Ndinakuwa ngati ndalumidwa. A Daisoni anabwera akuthamanga ndi chikwanje, kuyesa njoka. Anaona chimene ndanyamula, anakhala pamzere, anaseka mpaka misozi.

"Zinyalala za mabwana," anatero. "Mayo ine, zinyalala za mabwana!"

Munda wobiriwira pakati pa minda yopsa umaitana alendo. Tinamanga kachisakasa pachulu, tinkasinthana kulondera, ine, a Daisoni, amayi. Tinadya chachiwisi mizere itatu yokha, ina yonse ndinaletsa.

Epulo ndi Meyi

Tinakolola masiku anayi. Theka la munda linatipatsa zoposa zomwe munda wonse unkatipatsa, osati zodabwitsa dziko, koma kuchipinda kunadzaza mpaka mphasa tinaisunthira kukhomo. Kuseri kwa chulu mbatata inali itayamba kung'amba mizere, nandolo akubwera. Ndinakhala pansi n'kugawa matumba ndi miyezi, ili Juni, ili Julayi, ndinawerenga kawiri chifukwa sindinakhulupirire. Amafika Febuluwale.

Ufa woyamba ndinakagayitsa mgaiwa. M'mawa mwake ndinaphikira Takondwa phala la nsinjiro, lolimba, mbale yodzaza, osayeza ndi kapu. Anadya, anadya, atafika pakati anakankha mbale n'kutembenuza nkhope.

Mwana ameneyu chibadwire anali asanasiyepo chakudya, amanyambita mbale mpaka kulirira yanga. Ndinamugwira pamphumi. Ndinamugwira pakhosi. Ndinamukoka chikope kuona ngati magazi achepa, ndinamufinya mapazi.

"Bambo a Tako! Bwerani, mwana wakana phala! Tengani njinga!"

Anabwera, anagwada, anamuyang'ana. "Tako, chikupweteka n'chiyani? Mutu? M'mimba?"

Mwana anakweza diresi, anamenya kamimba kake kawiri ndi chikhato.

"Ndakhuta."

Anapulumuka m'manja mwanga n'kuthamangira nkhuku za amake Fale. Ine ndinatsala chogwada, supuni m'manja, sindikudziwa kuti phala lotsala amatani nalo.